Mafunso a basketball: Mipira ikadali m'thumba, timu yoopsa tiidziwa bwanji?

Kuyambira Epulo mpaka Okutobala makoleji a ku America sasewera basketball ya ligi, koma ndi nthawi yomweyi imene makalata a tsamba lino amachuluka. Mwezi uno ambiri achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo akufunsa za makoleji ang'onoang'ono, aja osaoneka pa kanema. Akuyankha ndi makochi komanso osunga ziwerengero za masewero omwe amathandiza tsamba lino.

Msuweni wanga akusewera pa koleji ina ya Division II ku America. Timu yawo ndiyo idatenga konferensi sizoni yatha, koma pa mndandanda wolosera sizoni ikubwerayi aiika pa nambala 6 mwa matimu 12. Kodi si nsanje imeneyi? — Wophunzira, Luwinga

Achimwene, nsanje mulibemo. Tiyambe ndi liwu loti konferensi, poti ena amaliyesa msonkhano. Ndi kaligi ka makoleji a chigawo chimodzi, kawirikawiri apakati pa 8 ndi 16, omwe amasewera okhaokha kuyambira cha mu Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Akatero amalowa m'chipulula cha masiku ochepa, ndipo wopambana chipululacho amapita ku mpikisano wa dziko lonse wa mu Malichi osadikira kuti komiti imusankhe. Ku Division II, gawo lachiwiri mwa magawo atatu a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji ku America, mpikisanowo ndi wa matimu 64, ogawidwa m'zigawo 8. Mndandanda mwaonawo amavota ndi makochi a m'konferensi momwemo, ndipo m'makonferensi ambiri kochi saloledwa kuvotera timu yake.

Makochiwo sayang'ana chikho chili m'kabati. Amayang'ana amene abwerako ku tchuthi, ndipo inunso mutha kuwerengera nokha ndi pensulo. Gemu ya koleji ndi ya mphindi 40, m'bwalo mumakhala anthu asanu, ndiye kuti timu imagawana mphindi 200 pa gemu iliyonse. Tsegulani ziwerengero za sizoni yatha pa webusaiti ya kolejiyo, mulembe mphindi zomwe wosewera aliyense ankasewera pa gemu. Kenako tsegulani mndandanda wa osewera a chaka chino, mudule mzere pa aliyense amene sakuonekapo. Tiyerekeze kuti achoka asanu omwe ankasewera mphindi 32, 30, 28, 18 ndi 12. Pamodzi ndi 120, ndiye zabwerera ndi 80 zokha pa 200. Yunifolomu ndi yomweyo, koma anthu ovalawo ndi ena. Kwa ife, timu yobweza mphindi zoposa 130 ndi yofunika kuiopa ngakhale idathera pa nambala 4. Yobweza zosakwana 90 muiwerenge ngati yatsopano.

Musalekezere pa mphindi pokha. Onaninso ntchito yomwe ochokawo ankagwira. Woponya bwino amapezeka msanga. Wovuta kum'peza ndi poyinti gadi, uja wonyamula mpira ndi kuitana masewero, komanso senta wamtali wotseka pansi pa basiketi. Gadi watsopano, kaya aluse bwanji, amataya mipira yambiri mu Novembala ndi Disembala chifukwa sanadziwe kuti mnzake uyu amakonda kulandirira pati, uyo amathamangira kuti. Pofika Febuluwale amakhala atakhazikika, koma magemu anayi kapena asanu a konferensi atapita kale.

Kale osewera ankachoka akamaliza sukulu basi. Kuyambira Okutobala 2018 pali transfer portal, kaundula momwe wosewera amalembetsa kuti akufuna kusamuka, ndipo kuyambira 2021 wosamukira ku Division I amatha kusewera pomwepo osakhala chaka chathunthu pa benchi monga zinkakhalira. Zotsatira zake n'zakuti timu yaing'ono ikachita bwino, imakhala ngati yayala malonda pamsika. Makochi a masukulu akuluakulu amabwera kudzasankha.

Chitsanzo chomveka ndi Northwest Missouri State ya mumzinda wa Maryville, ya m'konferensi ya MIAA. Ili m'manja mwa kochi Ben McCollum idatenga chikho cha Division II mu 2017, 2019, 2021 ndi 2022, ndipo mu 2019 idapambana magemu onse 38. Mu 2024 McCollum adapita ku Drake ya Division I, natenga osewera angapo kuphatikizapo gadi wake Bennett Stirtz. Drake idapambana magemu 31 sizoni imeneyo, pomwe Northwest, yomwe idazolowera kuopedwa, idagonja magemu ambiri kuposa omwe idapambana. Amene adalosera poyang'ana zikho za m'kabati adagwa nayo.

Koma masamu a mphindi aja ali ndi polekezera. Nova Southeastern ya ku Florida idatenga chikho mu 2023 osagonjako, magemu 36. Itatero, RJ Sunahara adapita ku Georgia, Jonathan Pierre ku Memphis, enanso adabalalika. Pa pepala timu idatha. Komabe mu 2024 idafikanso mu fainolo, idagonja kwa Minnesota State 88–85, ndipo mu 2025 idatenganso chikho. Kusiyana kwake ndi Northwest n'kwakuti kochi Jim Crutchfield sadasunthe, ndipo kaseweredwe kake, kopanikiza adani bwalo lonse kuyambira mphindi yoyamba, kamalowetsa anthu ambiri a pa benchi. Amene ankaoneka ngati otsalira adali ataseweramo kale mokwanira. Ndiye msuweni wanuyo mum'funse kuti kochi wamkulu akadalipo kapena ayi, komanso kuti mpira aunyamula ndani chaka chino. Mayankho awiriwo akuuzani ngati nambala 6 ija ndi chipongwe kapena ulemu.

Timu ina m'konferensi yomwe ndimatsatira inkagoletsa mapointi oposa 90 pa gemu koma idathera pakati pa tebulo. Ina ya mapointi 70 ndiyo idatsogola. Polosera ndikhulupirire iti? — Wolemba zigoli pa magemu a ligi, Katoto

Mapointi a pa gemu amanamiza, chifukwa amaonetsa liwiro la timu osati luso lake. Timu yothamanga imagwira mpira kambiri, koma imapatsanso adani mpira kambiri chimodzimodzi. Chofunika ndi kudziwa kuti nthawi iliyonse ikagwira mpira imapindula zingati.

Popeza mumalemba kale zigoli, izi sizikuvutani. Tengani kuchuluka kwa mipira yonse yomwe timu yaponya ku basiketi, yolowa ndi yosalowa. Chotsanipo maribaundi omwe yatola pa basiketi ya adani, chifukwa amenewo angotalikitsa mpata womwewo. Onjezanipo mipira yomwe yataya. Pomaliza onjezani ma free throw onse mutawachulukitsa ndi 0.475. Yankho lake ndi mipata yomwe timuyo idapeza.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Timu yoyamba yagoletsa 92: yaponya 72, maribaundi a kutsogolo 14, yataya 16, ma free throw 20. Ndiye 72 kuchotsa 14, kuonjeza 16, kuonjeza 9.5, tipeza 83.5. Gawani 92 ndi 83.5, mupeza 1.10 pa mpata uliwonse. Yachiwiri yagoletsa 71 yokha: yaponya 54, maribaundi 9, yataya 10, ma free throw 16. Mipata yake ndi 62.6, ndipo 71 kugawa ndi 62.6 ndi 1.13. Yooneka yozizirayo ndiyo ikudya bwino mpata wake. Chitaninso chimodzimodzi ndi mapointi a adani, muone kusiyana kwa manambala awiriwo. Timu yopeza 1.13 n'kumapatsa adani 0.98 ndi yoopsa kuposa yopeza 1.10 n'kumapatsa 1.09.

Mapeto a nkhani ya liwiro ali ku Grinnell College ya Division III ku Iowa, yomwe idatchuka ndi kusintha osewera asanu onse pakangopita kamphindi ndi kuponya za mapointi atatu mosalekeza. Mu Novembala 2012 wosewera wake Jack Taylor adagoletsa yekha mapointi 138, gemu idatha 179–104. Ndi mbiri yokoma kukamba, koma siikuuzani kalikonse za momwe timu yotero ingachitire ikakumana ndi anzake osataya mpira.

Chinanso choti muonere ndi magemu othera pa kusiyana kwa mapointi asanu kapena kucheperapo. Timu ikapambana 9 mwa magemu 10 otere, anthu amati ili ndi mtima. Mwina ilidi nawo, koma mwayi umakhalaponso wambiri, ndipo chaka chotsatira nambalayo imakonda kubwerera chapakati.

Mwana wanga wamaliza Fomu 4 ndipo amasewera m'timu ya kuno. Bambo wina walonjeza kumupezera sikolashipu yathunthu ya basketball pa koleji ya Division III, bola tilipire kaye ndalama yoyendetsera mapepala. Ndigulitse puloti? — Mayi, Chibavi

Mayi, pulotiyo musaigwire. Makoleji a Division III saloledwa kupereka sikolashipu ya masewero, ngakhale ya tambala imodzi. Amathandiza ophunzira poona magiredi kapena kusowa kwa banja, koma osati chifukwa cha mpira. Wolonjeza sikolashipu yathunthu ya basketball kumeneko mwina sakudziwa zomwe akunena, mwina akudziwa bwino lomwe.

Kwina konse ndalama ilipo koma ndi yoduladula. Timu ya amuna ya Division II imaloledwa ndalama yokwana masikolashipu 10 athunthu, ya NAIA (bungwe lina la masewero a makoleji ang'onoang'ono) 8, pomwe osewera amakhala 15 kapena kuposa. Kochi amaigawa ngati mkate, uyu theka, uyo kachigawo. Tiyerekeze koleji yomwe chaka chimodzi, kuphatikiza fizi, chipinda ndi chakudya, ndi madola 35,000. Kochi wapereka 14,000, ofesi ya sukulu yaonjeza 8,000 chifukwa cha magiredi abwino. Otsala 13,000 ndi anu, chaka ndi chaka, tikiti ya ndege ndi inshulansi ya chipatala tisanawerengere. Sukulu situlutsa fomu ya I-20, yomwe mwana amafunsira viza ya F-1, isanaone umboni wa ku banki kuti ndalama ya chaka choyamba ilipo. Pamwamba pake pali madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja, ndi ndalama yofunsira viza. Malamulo a viza kwa Amalawi akhala akusintha, choncho mumve kaye kuchokera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe musanalipire aliyense. Musadalirenso kuti mwana akadzilipirira ndi ganyu, poti wa viza imeneyi amaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu pompo maola osaposa 20 pa sabata sukulu ili m'kati.

Kochi weniweni salipiritsa kuti aone wosewera. Amalemba pa imelo ya sukulu, yothera ndi .edu, ndipo dzina lake mulipeza pa mndandanda wa ogwira ntchito pa webusaiti ya kolejiyo. Lonjezo lake limabwera pa pepala, lotchula ndalama ndi chaka. Masikolashipu ambiri a makoleji ang'onoang'ono ndi a chaka chimodzi, oonjezeredwa kapena kuchotsedwa sizoni ikatha. Zongolankhulana pa WhatsApp musaziwerengere, paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Zomwe mungachite popanda mkhalapakati ndi izi. Mwana alembetse yekha ku NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati wosewera ndi woyenera kusewera pa koleji, ngati akufuna Division II, kapena ku likulu loona zomwezi la NAIA. Akatenge kusekondale kwake zotsatira za Fomu 1 mpaka Fomu 4 zodindidwa, pamodzi ndi satifiketi ya MSCE. Ajambulitse magemu awiri athunthu, wojambula ataima pamalo okwera pakati pa bwalo, nambala ya jezi ikuoneka. Kavidiyo ka madanki okhaokha makochi sakakhulupirira. Amafuna kuona zomwe mnyamata amachita akaphonya, ngati amabwerera kukatchinga kapena amaima n'kumadandaulira lifali.

Pali msampha wina umene anyamata athu ambiri amagweramo. Ku Division II, mwana akamaliza sekondale amapatsidwa chaka chimodzi. Chikadutsa iye akusewerabe m'ligi yokhazikika, ya malifali, mayunifolomu ndi tebulo, ngati ya chigawo cha kumpoto ya NOZOBAL, koma asanalowe koleji, amayamba kudya zaka zake zosewera ku America asanakwere n'komwe ndege. Wa zaka 23 amene wasewera ligi zaka zinayi chimalizireni Fomu 4 akhoza kufika uko atatsala ndi zochepa kwambiri, ndipo kochi sataya ndalama pa wotero.

Ikadzapezeka koleji yeniyeni, werengani mndandanda wa osewera ake monga tafotokozera wa ku Luwinga uja. Ngati mwana wanu ndi gadi ndipo magadi anayi omwe ankasewera chaka chatha onse abwerera, chaka choyamba adzachithera pa benchi.

Kodi wosewera wa koleji yaing'ono amafika patali, kapena ndi kongothera? — Mnyamata wa zaka 17, Zolozolo

Amafika, mpaka ku NBA, ligi yaikulu ya ku America, koma ndi ochepa. Scottie Pippen adachokera ku Central Arkansas ili mu NAIA ndipo adasankhidwa wachisanu pomwe matimu a NBA ankasankha osewera atsopano mu 1987. Dennis Rodman adachokera ku Southeastern Oklahoma State. Ben Wallace wa Virginia Union sadasankhidwe n'komwe mu 1996, koma adadzatenga chikho ndi Detroit mu 2004. Duncan Robinson adayambira ku Williams ya Division III, Derrick White ku Colorado Springs ya Division II. Mainawa timawadziwa pamtima chifukwa ndi owerengeka. Ambiri amatulukako ndi digiri, ena amakasewera maligi ang'onoang'ono a ku Ulaya. Iwe sankha koleji yomwe ungakhalebe ngakhale bondo litakana.

Ndimaphunzitsa timu ya anyamata pa koleji ina kuno. Tili ndi masabata 12 ligi isanayambe, bwalo la simenti ndi mipira inayi. Chaka chatha anyamata atatu adayamba sizoni akudandaula maondo. Ndikonze bwanji? — Kochi, Mchengautuwa

Akochi, yambirani pa desiki osati m'bwalo. Lembani mphindi 200 zija za timu yanu, mudule omaliza chaka chachinayi, opita ku atachimenti kapena kokaphunzitsa m'masukulu pakati pa sizoni, ndi omwe ali ndi masapu oti akhoza kuwachotsetsa sukulu. Makoleji athu ngati Mzuni kapena Livingstonia transfer portal alibe, koma kalendala ya sukulu imagwira ntchito yomweyo. Mukaona kuti gadi wanu yekhayo adzasowa masabata asanu ndi limodzi, wachiwiri ayambe kunyamula mpira lero.

Za maondozo, ululu wa pansi pa chivundikiro cha bondo umabwera thupi likachoka pa kukhala chabe n'kulowa m'kudumpha kwa tsiku ndi tsiku pa simenti. Minofu imalimba msanga, koma mtsempha wolumikiza bondo ndi mwendo umachedwa. Masabata awiri oyamba apume, azingoyenda, kupalasa njinga ndi kuponya mopepuka. Sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi ndi ya mphamvu, katatu pa sabata: masikwati otsika pang'onopang'ono masekondi atatu, maulendo 8 kanayi, kutsika ndi mwendo umodzi kuchokera pa sitepe, kunyamuka ndi zala za kuphazi maulendo 15 katatu, ndi kukhala motsamira khoma masekondi 45 kasanu. Chikwama chodzaza mabuku kapena chigubu cha malita 20 chimakwanira ngati zitsulo palibe. Kudumpha kuyambe sabata yachisanu ndi chiwiri, kawiri pa sabata, pa kapinga, kutera kosaposa 60 pa tsiku poyamba, n'kumaonjezera 10 sabata iliyonse. Asanu kwa asanu wa mphamvu zonse akhale wa masabata atatu omaliza. Mnyamata akadzuka m'mawa bondo likupweteka kuposa dzulo lake, mwamuchulutsira, bwererani pa muyeso wa sabata yapita. Bondo lotupa kapena logwedera lipite kuchipatala, si la masikwati ayi.

Akakolo nawo muziwapatsa mphindi zisanu tsiku lililonse: kuima ndi mwendo umodzi masekondi 30, kenako atatsinzina, kenako akulandira mpira.

Poponya, werengani yolowa osati yoponyedwa. Aliyense alowetse 150 pa tsiku: 30 ya pafupi ndi dzanja limodzi, 60 ya pakatikati m'malo asanu, 40 ya mapointi atatu, ndi ma free throw 20 oponya awiriawiri atangothamanga, chifukwa m'gemu munthu saponya free throw atapuma. Ndi mipira inayi, agaweni atatuatatu, woponya, wotola ndi wopatsira, ndipo magulu abwere nthawi zosiyana m'malo moti anthu 14 aime pamzere kudikira mpira umodzi. Kope likhale pa bwalo, manambala alembedwe. Poyesa mpweya, athamange m'lifupi mwa bwalo, mamita 15, maulendo 17. Magadi azikwanitsa pafupi ndi mphindi imodzi, akuluakulu muwapatse masekondi ena asanu. Yesani sabata yachitatu, yachisanu ndi chitatu ndi yomaliza.

Nyengo ya Mzuzu musaiiwale. M'mawa wa Juni ndi Julaye kutenthetsa thupi kusachepere mphindi 15. Kamvula kowaza kaja kamasiya ndere m'makona a bwalo momwe dzuwa silifika, ndipo simenti yotero imaoneka youma koma imaterera ngati therere. Kwechani ndi bulashi yolimba musanalole aliyense kuthamangapo.

Ndikufuna kuonera gemu ya koleji yaing'ono pa foni. Imakhala nthawi yanji kuno, nanga malamulo ndi omwewa timasewera ife? — Wotsatira, Chiputula

Gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku Florida mu Januwale, kuno imakhala 2 koloko usiku. Ya ku Missouri kapena Iowa ndi 3 koloko. Za Loweruka masana ndizo zabwino, zimagwa cha m'ma 8 mpaka 11 koloko usiku kuno. Makonferensi ambiri amaonetsa magemu pa intaneti, ena mwaulere, ena molipiritsa. Bandulo ikachepa, tsatirani ziwerengero zoyenda pompopompo pa webusaiti ya koleji, sizidya data yambiri.

Malamulo amasiyana pang'ono ndi a FIBA omwe timatsata kuno. Amuna a koleji amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20, osati zinayi za mphindi 10. Timu ili ndi masekondi 30 kuti iponye, osati 24, ndipo ikatola ribaundi kutsogolo wotchi imabwerera pa 20, osati 14. Faulo yachisanu ndi chiwiri ya timu m'chigawo imapereka free throw imodzi, yachiwiri imabwera pokhapokha yoyamba yalowa, ndipo kuyambira faulo ya khumi amaponya ziwiri. Mzere wa mapointi atatu tsopano ndi wofanana ndi wathu, mamita 6.75 pamwamba pa uta. Chomwe chimasokoneza anyamata ochokera kuno ndi mpira wovina pamwamba pa ring. M'malamulo athu ukangogunda ring ukhoza kuukankha kapena kuuchotsa, koma uko ukaukhudza ukadali pamwamba pa basiketi yomwe timu yako ikutchinga, lifali amaimba wezulo n'kupereka mapointiwo kwa adani.